Mbalame za Mikanda

Mwamuna wanga Lekarato amadziwa mbalame iliyonse ya m'chigwa chathu ndi kaliridwe kake komwe, koma mutamufunsa kuti ngamila yathu inabereka liti, amayamba kukanda m'mutu. Ntchito yake inali yomweyo. A bungwe loteteza mbalame anamupatsa magalasi oonera patali ndi malaya obiriwira, ndipo m'mawa uliwonse ankatsikira kumtsinje khosi lili m'mwamba ngati munthu wofunafuna mvula. Ine sindinkadandaula ayi. Sanali chidakwa, sanali womenya, ndipo ufa m'nyumba sunkasowa.

Mavuto anabwera ndi chaka cha mdulidwe. Akuluakulu atalengeza kuti nthawi yodula anyamata yakwana, fuko lathu lonse linasonkhana n'kumanga mudzi waukulu wa mwambo m'chigwa chathu chomwecho, banja lililonse pamalo pake. Mwana wanga Loitemu anali m'gulu la okadulidwa. Wamwamuna ndinabereka yekhayo, ena onse ndi atsikana.

Tsiku lina Lekarato anabwera kuchokera kumtengo wa akuluakulu nkhope ili ngwee.

"Make Loitemu, tagwirizana," anatero akukhala pachikopa. "Chaka chino anyamata salasa mbalame. Kumutu avala zosoka, za nsalu ndi mikanda. Mikandayo apereka a bungwe."

"Mwagwirizana ndi ndani?"

"Akuluakulu onse. Palibe wakana."

"Palibe wakana, kapena palibe wayankhula?"

Anandiyang'ana ngati ndamuponda pachilonda. Kenako anayamba kundiwerengera. Mnyamata aliyense akadulidwa amatha mwezi wathunthu akulasa timbalame, kutisenda, kutipakira udzu n'kutimangirira kumutu mpaka mutu wonse utadzaza. Kale anyamata anali ochepa, tchire lili lalikulu. Lero kuyambira kuno mpaka kumapiri a Ndoto anyamata ndi mazanamazana, chilala chapsereza zonse, ndipo mbalame zotsala zaunjikana pazitsime pamene ngakhale mwana wakhanda akhoza kuzigenda.

"Zikatha, zatha," anatero. "Ana a Loitemu adzavala chiyani? Mapepala?"

"Ine za ana a Loitemu sindikuzidziwa, ndikudziwa Loitemu," ndinamuyankha. "Bambo a Loitemu, anzake a mpeni umodzi ndiwo abale a munthu mpaka kumanda. Mwana uyu akakhala morani, msilikali wa fuko, sadzamwa mkaka popanda mnzake pambali, sadzadya kanthu ali yekha. Inu mukudziwa, munadutsamo. Anzakewo akamutaya, adzadya ndi ndani?"

"Samutaya. Onse avala zofanana."

"Nanga akapanda kuvala?"

"Wanga avala basi. Ndingaletse bwanji ana a eni, wanga ali ndi uta m'tchire?"

Ndinasoka. Ndinene zoona, ndinasoka bwino, chifukwa pa mkanda palibe mkazi m'mudzi umenewu angandiuze kanthu. Ndinasoka mpheta, atchete achikasu, timba, ndi zija zobiriwira zonyezimira zimene zimatola nkhupakupa kukhola. Akazi anzanga ankabwera kudzaonera, kuzitembenuza m'manja, kuyamikira ndi pakamwa, maso akuyang'anana.

M'mawa wa mdulidwe Loitemu anakhala pachikopa pakhomo la nyumba yanga, atathiridwa madzi ozizira osakaniza ndi mkaka. Ine ndinali m'kati, nditaluma nsalu. Sindinamve kalikonse mpaka amuna atayamba kuimba, ndipo amene anamugwira msana anandiuza pambuyo pake kuti mwanayo sanaphethire n'komwe. Ndinalira ndi chimwemwe tsiku limenelo. Pakhomo loyandikana nalo anadulidwa Sapuro, mwana wa alamu anga a Lomoni, ndipo kumeneko akuti chala chakuphazi chinagwedezeka mpeni uli pakati, zimene kwathu ndi manyazi aakulu. Amuna anabisa, koma nkhani yotere siigona m'nyumba imodzi. Dzuwa lisanafike pamutu akazi onse anali ataidziwa, ndipo Sapuro ankadziwa kuti taidziwa.

Zilonda zitayamba kuuma anyamata anatuluka atavala zikopa zakuda, uta m'manja, mivi yake yomata utomoni kunsonga kuti isaboole. Masiku oyamba ambiri anavaladi mbalame zosoka, ndipo Lekarato ankayenda ngati wagula ng'ombe zana. Kenako madzulo ena Sapuro anatulukira ali ndi apumbwa awiri enieni akulendewera pakhutu. Mawa lake anyamata ena anabwera ndi zawo. Sabata isanathe mbalame za mikanda zinali m'manja mwa tiana tatikazi, tikuzibereka kumbuyo ngati zidole.

Lekarato anapita kwa mkulu wake.

"Achimwene, kodi si inu munali pafupi nane pamtengo paja?"

"Ndinalipo," anatero a Lomoni akutokosa m'mano. "Koma ana ndi ana, ndiwamange miyendo? Ndiponso iwe, agogo athu analasa, bambo athu analasa, iwe unalasa mpaka khosi kupindika ndi kulemera. Lero mbalame zakhala azibale ako chifukwa cha malaya obiriwirawo?"

Anatsala ndi mikanda kumutu ndi Loitemu yekha. Ndipo Sapuro, amene ankafuna kuti anthu aiwale chala chake, anapeza pogwira.

"Loitemu, mbalame zakozo zimalira bwanji m'mawa?" ankamufunsa pagulu. "Kapena zimadikira amako aziyamwitse?"

"Musiyeni," wina ankatero, "uyu ndi mlenje woopsa. Analasa zonsezo m'thumba la amake, muvi umodzi."

Anyamata odulidwa amathamangitsa atsikana n'kuwalasa m'miyendo ndi mivi yosaboola ija mpaka mtsikana atapereka mkanda. Ndi masewera, tonse tinathamangitsidwapo. Koma Loitemu akangokoka uta, atsikana sankathawa. Ankaima, manja m'chiuno, n'kumati, "Iwenso ukufuna mkanda? Waposa ife kale. Tibwereke ako tikavine." Ndinaziona ndi maso anga ndikuchokera kotunga madzi, ndipo ndinalakalaka nditawatsanulira chigubu chonse.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti Lekarato sankanama. Mwezi usanafike pakati, pachitsime panali zii. Kale ukamatunga madzi umachita kuingitsa atchete ndi dzanja, koma tsopano unkangomva ntchentche ndi mabelu a mbuzi. Anyamata anayamba kupita kutali, kubwerako ndi kambalame kamodzi kapena chimanjamanja. Tsiku lina mwamuna wanga anabwera atanyamula chisa m'chipewa, muli tiana touma, nyerere zili nyakanyaka. Anachiika pansi pamaso panga. Ndinamva chisoni, sindikana. Koma ndinamuuza kuti achotse, m'nyumba mwanga si manda.

Mbalame imodzi yokha inali isanachoke. Inali ija ya mlomo waukulu wofiira, yachibale ndi mng'omba koma yaing'ono. Lekarato anaizoloweza kalekale, anaiveka kamphete kachitsulo kumwendo, ndipo ngakhale titasamukira kumudzi wa mwambo, m'mawa uliwonse inkatera padenga lathu n'kutsika kudzatola nyenyeswa m'dzanja lake. Mudzi wonse unkaidziwa. Ana ankaitcha mkamwini wa Lekarato, chifukwa inkadya n'kunyamulanso zina. Inkanyamulira mkazi wake, amene anali atadzimatira ndi dothi m'phanga la mtengo kuseri kwa mpanda, monga zimachitira zikaikira mazira, n'kusiya kamng'alu kongokwana mlomo.

Kutatsala pang'ono kuti lifike tsiku lotaya mivi, lotsekera mwezi wolasa mbalame, Loitemu anakhala pansi ndi bambo ake. Ine ndinali pomwepo ndikufukiza zipanda za mkaka.

"Ababa, ndiloleni imodzi yokha."

"Ayi."

"Imodzi, ababa. Ngakhale njiwa. Ndingoti nanenso ndinalasapo."

"Ukalasa imodzi, ndiye kuti ndinkanama nthawi yonseyi. Iwe sunaphethire pa mpeni, ukuopa pakamwa pa Sapuro?"

"Mpeni unali wa kanthawi," anatero mwanayo. "Awa ndikhala nawo mpaka imvi."

"Adzatopa. Pirira, mwana wanga. Tsiku lina adzanena kuti unayamba ndiwe."

Loitemu anadzuka, kutenga uta wake n'kutuluka. Masiku otsatirawo ankachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa, miyendo ili mbuu, minga paliponse. Ndinadziwa kuti akusaka mobisa, ndipo ndinadziwanso kuti sakupeza kanthu, popeza anzake anali atasesa kale chigwa chonse. Ankadya pang'ono n'kugona chafufumimba, mbalame zanga za mikanda zili pambali.

Tsiku lotaya mivi linafika. Pa tsikuli mnyamata amavula mbalame zake n'kuveka mayi ake m'khosi, ng'ombe yake imaphedwa, ndipo amalumbira pamaso pa mayi akewo kuti sadzadyanso nyama imene mkazi wokwatiwa waiona. Tinaima akazi pamzere titadzola dothi lofiira. Lekarato anali chauko ndi amuna anzake, koma maso ake ankangopita padenga lathu, chifukwa m'mawa umenewo mkamwini wake sanabwere.

Anyamata analowa akuimba, mitu italemera ndi nthenga. Loitemu anali chakumapeto. Pakati pa mbalame zanga za mikanda, pamphumi penipeni, panali mlomo wofiira uja. Anaisenda bwino, anaipakira udzu bwino, koma kamphete kachitsulo kanali kakadali kumwendo, kakunyezimira padzuwa.

Nyimbo inayamba kuzilala kuchokera kutsogolo. Woyamba kuseka anali Sapuro.

"Anzanga, taonani chilombo chimene wapha Loitemu. Anachisaka kutali, padenga la amake."

Ena anaseka naye, koma akuluakulu sanaseke. Mkulu wina wakhungu diso limodzi, amene amatsogolera madalitso, anayandikira n'kuigwira mbalameyo ndi nsonga ya ndodo.

"Iyi si ija imadya pakhomo panu?"

"Ndi yomweyo," anatero Loitemu.

"Unailasa ili kuti?"

"Inatera pafupi nane. Ndinali ndi nyenyeswa m'manja."

Mkuluyo analavula pambali. "Mbalame ikatera pauta silasika, mwana iwe. Chimene chadya pakhomo pako ndi mlendo. Anzako apha za m'tchire, iwe wapha mlendo wa bambo ako, wamuitana ndi chakudya. Wa tsoka lotere munthu sagawana naye chipanda."

Mawu amenewo anyamata onse anawamva. Mwambo sunaime, chifukwa ng'ombe inali itagwetsedwa kale. Loitemu anandiveka mbalame zake m'khosi, ndipo mlomo uja unandikanda pachifuwa. Inali isanaume bwino, inkanunkha. Analumbira lumbiro lake pamaso panga mawu ali pansipansi, ine n'kuvomera monga mayi amavomerera. Lekarato sanakalipe, sanatemberere, sanamuyang'ane n'komwe mwanayo. Madalitso atangotha anazungulira kuseri kwa mpanda, kumtengo kuja.

Kuyambira tsiku limenelo Loitemu anali morani. Anavula chikopa chakuda, anadzola dothi lofiira, anatenga mkondo. Anaoneka bwino mwana wanga, wamtali kuposa onse. Koma amorani atsopano atatenga ng'ombe kupita nayo kutchire kukadya kumene akazi sitifika, sanamuitane. Anawatsatira yekha. Anandiuza mlongo wake, amene anamva kwa atsikana anzake, kuti atangokhala pansi pafupi ndi moto, onse anadzuka, kunyamula nyama yawo n'kukakhala pansi pa mtengo wina. Atawatsatiranso, anadzukanso. Palibe anamumenya, palibe anamutukwana.

Anabwerera kumudzi n'kukhala kuseri kwa nyumba, mkondo uli pamiyendo. Ine ndinkakama ngamila m'mawa, kudzaza chipanda chake chatsopano, kuchiika pamalo ake n'kudikira kuti mwina mnzake wina alowa naye. Madzulo ndinkachipeza chodzaza, mkaka utagona. Ankangomwa madzi ndi kutafuna timizu. Masaya anayamba kulowa, mikanda ya m'manja n'kumatsetsereka mpaka m'zala.

"Mwana wanga, imwa pang'ono, palibe akuona," ndinamunong'oneza tsiku lina.

"Amayi, musandiuze zimenezo," anatero osandiyang'ana. "Chatsala kwa ine n'chokhachi."

Ndinapita kwa alamu. Ine amene sindinapemphepo ngakhale mchere pakhomo limenelo, ndinagwada pamaso pa mayi a Sapuro.

"Mumuuze Sapuro angobwera adzakhale pansi, ngakhale osayankhula. Ndi mbale wake, magazi amodzi."

"Ayi, mlamu, mwana wanga tsopano ndi morani, ine ndingamulamule?" anatero akusalaza mkanda pabondo. "Ndiponso mwamva zimene ananena akuluakulu. Mufuna tsokalo lilowe kwanga? Mwina mumusokere mnzake wa mikanda, poti inu manja muli nawo."

Nkai, Mulungu wathu, ndiye anandigwira dzanja, apo ayi ndikanamuzula tsitsi limene alibelo, poti ife akazi timameta mpala. Ndinatuluka n'kulunjika kumtengo kuja, chifukwa ndinkadziwa kumene mwamuna wanga amatha masiku ake. Ndinamupeza ataima pachigubu, atabaya chiwala kumunga wautali, akuchilowetsa pakamng'alu kaja. M'katimo munkamveka kukwalakwata.

"Bambo a Loitemu, mulibe manyazi? Mwana wanu akutha ngati kandulo, inu muli pano kudyetsa mkazi wamasiye wa mbalame?"

Sanatembenuke. "Muli ana atatu m'menemu. Akapanda kudya lero, mawa afa."

"Wanga ndi mmodzi."

"Ndi wanganso," anatero, ndipo apo ndi pamene ndinaona kuti akulira. "Ukuyesa ndangokhala? Ndapita kwa akuluakulu, akuti za amorani n'za amorani, mvula ikagwa adzaiwala. Ndapereka mbuzi yoti amutsukire tsoka, akuti tidikire mwezi wabwino. Ndapita kwa anyamatawo mmodzimmodzi ngati wopemphetsa, aliyense akuti ayambe wina. Ine sindingakhale naye pachipanda, si wa mpeni wanga. Ndichite chiyani, make Loitemu? Izi zokha ndi zimene zikulandira chakudya m'manja mwanga."

"Mukanamulola njiwa imodzi."

"Ndikudziwa."

"Nanga mwamuuza kuti mukudziwa?"

Analowetsanso munga uja pakamng'alu, chiwala chikupalapata. Ndinamusiya pomwepo. Ndinali nditabwera ndi mawu odzaza m'kamwa, koma ndinabwerera nawo, chifukwa munthu wogwa kale sumugwetsanso.

Mvula sinagwe. Amorani anasamutsa ng'ombe kupita nazo kumapiri kukafuna msipu, ndipo anachoka akuimba, atsikana akuwaperekeza mpaka kumtsinje. Ng'ombe zathu anazitenga Sapuro, poti ndi za banja limodzi. Loitemu anaimirira pachipata ndi mkondo wake, atakonzeka, nsapato atamanga. Anamudutsa onse ngati chitsa. M'mudzi munatsala akazi, nkhalamba, ana, ndi morani mmodzi.

Tsiku lomwelo masana ndinali m'nyumba ndikuphika nyama ya mbuzi imene inafa ndi chilala. Pakhomo panada, ndipo nditakweza maso ndinaona Loitemu akuwerama kulowa. Mkondo anausiya panja. Dothi lofiira anali atalipukuta kumutu ndi kumaso, mikanda ya m'khosi atavula. Ndinabisa mphika ndi thupi langa mwachizolowezi, kuti asaone nyama.

"Amayi, ndipatseni chipanda changa."

Ndinasuzumira kumbuyo kwake, kuyesa kuti mwina wina wabwerera.

"Mnzako ali kuti?"

"Palibe akubwera, amayi."

Ndinamupatsa. Anakhala pachikopa pamene ankakhala ali mwana, anatsegula chipandacho n'kumwa, ine ndikuona. Anamwa osapumira, mkaka ukutsikira m'chibwano, mpaka chipanda chinalira kuti chatha. Masiku onsewo ndinkapempha Nkai kuti mwana wanga amwe, koma pamene ankamwa ndinalakalaka atasiya. Morani akamwa yekha pamaso pa mayi ake ndiye kuti wadzichotsa. Sadzavina nawo, sadzaweta nawo, ndipo akadzakalamba sadzakhala nawo pansi pa mtengo.

Anapukuta pakamwa ndi dzanja n'kuloza kumbuyo kwanga.

"Mumphikamo muli nyama?"

"Loitemu, unalumbira pamaso panga."

"Ndinalumbira. Ndili ndi njala, amayi."

Ndinamuyang'ana nthiti zija, khosi lija, maso olowa aja. Kunja kunkamvekabe nyimbo ya anzake chapatali, ikukwera phiri. Ndinatenga mbale, ndinamupakulira ndi manja angawa, n'kumusankhira pamene panali mafuta. Iye anadya, ndipo ine ndinakhala pakhomo n'kulira ngati mwana wanga wafa.